Mawu Amene Ndinameza Pamaso pa Woweruza

1

Dzina langa ndine Baptista, ndipo ntchito yanga inali kumasulira mu tiribunali. Kwa zaka makumi awiri ndinkaimirira pakati pa woweruza wolankhula Chipwitikizi ndi anthu akumudzi olankhula Chichewa, kunyamula mawu uku n'kukatula uko. Mlandu ukatha anthu amakumbukira woweruza, amakumbukira adivogado amene anawaimira, koma womasulira amamuiwala asanatuluke n'komwe pachipata. Anzanga ankadandaula nazo zimenezi. Ine kuiwalikako kunkandikomera, ndipo ndinali ndi chifukwa changa.

Chinandigwetsa ndi kukonda kutamandidwa. Ife a zamalamulo kuno ku Tete tili ndi kanyuzi kathu, timangoti boletim, kamene kamafika pa foni mwezi ndi mwezi. M'menemo timamva amene wakwezedwa, amene wasamutsidwa, lamulo limene lasintha ndi kumene kukuchitikira maphunziro. Chaka chatha, chimanga chitangouma m'minda, olemba boletim anabwera ku Tsangano kudzacheza ndi omasulira akale. Wanzeru akanakana. Ine ndinameta ndevu, ndinavala jekete la ku tchalitchi, n'kuima pamaso pa kamera chifuwa chili patsogolo. Pansi pa chithunzi analemba kuti: Baptista, anayambira ntchito ku Macanga, lilime losapunthwa.

Patatha miyezi iwiri boletim inalengeza maphunziro a masiku atatu a omasulira, ochitikira ku Furancungo, likulu la Macanga. Tsiku lomaliza kudzakhala mayeso, ndipo wopanda setifikado sadzaitanidwanso kukamasulira. Pamndandanda dzina langa linali loyambirira. Koma ine sindinapemphe malo. Ndinali nditakonza zodikira gulu lachiwiri, la ku Ulónguè.

Mkazi wanga anali pakhonde, akusankha mbewu ya kachewere.

"Nkhope yagwa bwanji, abambo a Mercy?"

"Andiitana ku maphunziro, ku Furancungo."

"Ndiye n'zolira zimenezo? Anzanu amachita kupempha. Nditengeni, ndikaone achimwene ku Chidzolomondo. Kwathu sindinapondeko kalekale."

"Nanga mbewuyi abzala ndani? Ndi masiku atatu okha, amake Mercy, khalani."

Anandiyang'ana kanthawi, kenako anabwerera ku mbatata zake. Ku Macanga ndinasiyako mlandu wina zaka khumi ndi zitatu zapitazo, mlandu woti ukafukulidwa, banja langali latha. Ndiye ndani anali atalemba dzina langa?

2

Woyamba kumukayikira anali Felizardo, womasulira mnzanga wa ku Tsangano komweko. Ndi bambo wa ana awiri, wa Chipwitikizi cha m'mabuku, amene ndinkamuona kuti mpando wanga amauyeza ndi maso. Tinakwera shapa imodzi, minibasi ya kuno, kudzera ku Ulónguè, fumbi likulowa pa zenera losatsekeka.

"Iwe Felizardo, dzina langa unapereka ndiwe?"

"Ine, madala? Langa lomwe ndinachita kulemba kalata kawiri. Inu ndi a mu boletim, famoso, otchuka, amakuitanani okha."

Anaseka. Ndinafufuza m'kuseka kwakeko ngati muli minga, koma sindinapezemo. Komabe mtima sunakhale pansi. Munthu wobisa chinthu amaona maso paliponse, ngakhale pa chitsa cha mtengo.

Tinafika ku Furancungo dzuwa likupendeka. Malo anali atasintha pang'ono, njinga zamoto zachuluka, koma msika unali pomwe ndinausiya. Ndinatsitsa chipewa mpaka m'maso. Kuno ndi kumene ndinabadwira, ndipo mayi wina wogulitsa tomato atangondiyang'ana kawiri, ndinawoloka msewu ngati ndaba nkhuku.

3

Maphunziro ankachitikira mu holo ina pafupi ndi maofesi a boma. Tinalipo omasulira khumi ndi anayi. Wotiphunzitsa anali mayi wachitsikana, wamtali, wovala magalasi, wosafika zaka makumi atatu. Anati dzina lake ndi Dotora Ernestina, adivogado wochokera mu mzinda wa Tete. Anapereka moni kwa aliyense m'manja. Atafika pa ine, dzanja langa analigwira nthawi yotalikirapo.

"Bambo Baptista. Chithunzi chanu cha mu boletim sichinaname."

Anazinena m'Chichewa, ndipo Chichewa chake sichinali cha mu mzinda. Khutu la womasulira silinamizika. Kakokedwe ka mawu kaja n'ka kuno ku Macanga, kumidzi ya fodya.

M'mawa wonse anatiphunzitsa zabwino, ndisaname. Anati womasulira asafupikitse mawu, asawakongoletse, ndipo akakumana ndi mwambi kapena mwambo aimitse woweruza n'kufotokoza. Ndinayamba kupuma bwino. Ndinadziseka kuti ndakalamba ndi mantha achabe.

Masana anagawa mapepala.

"Ili ndi pepala la mlandu weniweni," anatero. "Mayina ndadetsa. Werengani mzere umene ndadula pansi."

Sindinafunike kuwerenga. Ndinaona deti, ndinaona chidindo chopendekera kumanzere. Mzerewo unali woti: A testemunha declarou que a autora é sua mulher. Ndiye kuti, mboni yanena kuti wodandaulayu ndi mkazi wake.

Ndikuuzeni za mlanduwo. Mayi wina wamasiye wa ku Chidzolomondo, dzina lake Dulce, ankalimbirana munda wa fodya ndi mlamu wake, mchimwene wa malemu mwamuna wake. Mundawo Dulce anapatsidwa ndi bambo ake omubereka, ndipo mboni yake inali imodzi yokha, Agostinho, amene analipo tsiku loika malire. Woweruza anali wa kum'mwera, Chichewa osamva ngakhale moni. Mkulu wa kuno amene ankakhala pambali pake kumuthandiza pa za mwambo anali atadwala tsiku limenelo. Pepala litanena kuti Agostinho ndi mwamuna wa Dulce, woweruza anati mawu a mwamuna poikira kumbuyo mkazi wake salemera. Munda unapita kwa mlamu. Womasulira tsiku limenelo ndinali ine.

"Mboni imeneyi," anapitiriza Dotora, "imakana mpaka lero kuti sinanene zimenezi. Inali ndi mkazi wake wa ukwati wa mu tchalitchi, ndipo banja lake linatha chifukwa cha mzere womwewu. Tsono inu akatswiri, chinachitika n'chiyani?"

Felizardo anakweza dzanja. "Kapena anali asuweni, Dotora. Si paja msuweni timamuseka kuti mkazi wanga?"

Holo yonse inaseka. Wina anati msuweni wake amamulanda chipewa pa maliro pomwe.

"Nanga a Baptista, achikulire athu, mukuti bwanji?"

"Kulakwitsa kumachitika, Dotora. Phokoso, kutopa. Mwinanso womasulirayo mwambo wa chisuweni sankaudziwa."

"Mwina," anatero, n'kulemba kenakake m'kope lake.

4

Tsiku lachiwiri sindinamve chilichonse cha phunziro. Ndinkangowerenga nkhope ya Dotora. Akayang'ana kwa ine ndinkati wadziwa. Akayang'ana kwina ndinkati akundizemba dala. Ndinayesa kudzilimbitsa mtima kuti pepalalo anangolitola mu mulu wa milandu yakale, poti aphunzitsi amatero. Koma mwa milandu zikwi, bwanji umenewu?

Pa nthawi yopuma ndinamukokera Felizardo pansi pa mtengo wa mango.

"Tafufuza kwa okonza maphunzirowa, mndandanda uja analemba ndani."

"Ndafunsa kale, poti mwandivutitsa nazo njira yonse. Akuti ena tonse anatisankha a ku ofesi. Lanu lokha anawonjezera ndi Dotora mwiniwake. Akuti anati maphunziro sangakome popanda lilime losapunthwa." Anandigunda paphewa. "Mwatchuka, madala. Bwanji mukunjenjemera?"

"Malungo," ndinatero.

Ndinapita pokwerera shapa. Inalipo imodzi yopita ku Ulónguè, itatsala anthu awiri kuti idzaze. Ndinaika phazi limodzi pakhomo. Kenako ndinaganiza: ndikathawa, setifikado palibe, ntchito yatha, ndipo kunyumba ndikanena kuti chiyani? Komanso wamva m'mimba ndiye amatsegula chitseko. Kuthawa kukanakhala kuvomera. Ndinatsitsa phazi lija, wothandiza dalaivala akunditukwana.

Ndinabwerera ndi nzeru ina. Ndinadikira kuti Dotora akhale yekha, n'kumuyandikira ndi ulemu wonse.

"Dotora, kwanu n'kuti? Chichewa chanu chikundikumbutsa kwathu."

"Kwathu n'kumene kuli mayi anga, bambo."

"Nanga pepala lija munalipeza bwanji? Milandu yakale yotere imavuta kupeza."

Anavula magalasi, nawapukuta pang'onopang'ono ndi nsonga ya mpango.

"Mlandu suola, Bambo Baptista. Konzekerani mayeso a mawa."

5

Mayeso anali apakamwa. Kutsogolo anaika tebulo, pamene panakhala woweruza wina wopuma ntchito, wa ku Beira, amene anabwera kudzapereka mamalikisi pamodzi ndi Dotora. Dotora ankakhala ngati mboni, n'kulankhula Chichewa, ndipo woyesedwa ankatembenuzira m'Chipwitikizi anzake onse akumva. Felizardo anapatsidwa mawu a mayi woberedwa mbuzi. Wina anapatsidwa a mkangano wa chitsime. Ine anandisiya komalizira.

Nditaimirira, Dotora anakhala pa mpando wa mboni, anaika manja pa mawondo monga amachitira bambo wakumudzi, n'kuyang'ana pansi. Ndiye ananena, mawu ndi mawu, osasintha ngakhale limodzi:

"Uyu ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni anga. Kwathu timangoti mkazi wanga, poti ndi chisuweni."

Mawu amenewa sanalembedwe pa pepala lililonse. Ndi amene Agostinho ananena tsiku lija, ndipo woti angawadziwe ndi yekhayo amene anali m'chipindamo.

Ndinaona msampha wonse nthawi yomweyo. Ndikapunthwa dala, ndalephera mayeso pamaso pa ana amene ndinawaphunzitsa ntchito. Ndikamasulira bwino, ndaonetsa kuti chisuweni ndimachidziwa ngati chikhatho changa. Ndikanakonda kukuuzani kuti chikumbumtima n'chimene chinasankha, koma ayi. Linasankha ndi lilime, lozolowera kuthamanga lisanafunse mwiniwake.

"É minha prima, filha do meu tio materno. Na nossa terra chamo-lhe mulher por brincadeira, é costume entre primos."

Woweruza uja anagwedeza mutu mokhutira. Anzanga anawomba m'manja.

"Perfeito," anatero Dotora. Anatembenukira kwa ophunzira. "Mwaona? Sanaime n'komwe kuti aganize. Munthu wobadwira kuno mawu amenewa sangawalakwitse, ngakhale atatopa bwanji." Kenako anatsitsa mawu. "Bambo Baptista, anzanu akamapita kukadya, inu mutsale."

6

Tinatsala awiri mu holo. Kunja anthu ankaseka, mbale zikulira.

"Benchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko," anatero. "Panakhala mtsikana wa yunifomu ya sukulu. Mukumukumbuka?"

"Ayi."

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndili nona classe, kalasi yachisanu ndi chinayi. Chipwitikizi ndinkachimva. Ndinamva zimene a Agostinho ananena, ndinamvanso zimene inu munanena: diz que é mulher dele, lá em casa, akuti ndi mkazi wake wa kunyumba. Za chisuweni zonse munameza. Ndinaimirira kuti ndilankhule, mlonda anandikhazika pansi, akuti mwana salankhula mu tiribunali. Dulce ndi mayi anga."

Ndinangokhala pa benchi.

"Mayi anga akulima maganyu m'minda ya eni mpaka lero. Kumudzi anawatcha wolanda mwamuna wa mwini, ku tchalitchi anawaletsa mgonero zaka zitatu. Ine anandiphunzitsa ndi masisitere. Dzina lanu linali pa pepala, koma a Baptista ndi ambiri, ndipo munali mutasamuka. Ndinakusakani mpaka tsiku limene munadzionetsa nokha mu boletim, ndi jekete lanu."

Anatulutsa pepala lina m'chikwama.

"Ndikupempha kuti mlandu uunikidwenso. Iyi ndi declaração, yonena zimene mboni inanenadi. Sindikukakamizani kusaina. Mukakana ndipitabe, ine ndi a Agostinho tidzalumbira. Koma chimodzi chokha ndiuzeni, chifukwa chandisowetsa mtendere zaka zonsezi. Alamu a mayi anakupatsani chiyani? Mbuzi? Fodya?"

"Sanandipatse kanthu. Sindinalankhule nawo n'kamodzi komwe."

"Ndiye mayi anga anakulakwirani chiyani?"

Apa, owerenga, ndi pamene ndakhala ndikuzungulira chiyambire nkhaniyi. Ndinamuuza Dotora, ndipo ndikuuzani inunso.

Mkazi wa Agostinho ndinkamudziwa kuyambira tili achinyamata. Ndinamufunsira kawiri, anandikana kawiri, n'kusankha mlimi wa fodya. Ine wa sukulu, wa nsapato, kukanidwa chifukwa cha munthu wa manja akuda ndi utomoni! Chinandikhala pamtima ngati mwala. Ndinkamva kuti akhala zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana, ndiponso kuti anthu ayamba kunong'ona poona Agostinho akuthandiza msuweni wake wamasiye kumunda. Tsiku la mlandu sindinakonzekere chilichonse. Koma Agostinho atangoti "mkazi wanga", ndinaona khomo latseguka, ndipo ndinalowa.

Nkhani inafika kumudzi Agostinho asanafike. Mkazi wake anathawira kwa mchimwene wake. Patatha milungu iwiri anabwera ku Furancungo wapansi, kudzafunsa womasulira ngati n'zoona. Chipwitikizi sankawerenga. Ndinamutulutsira kope la pepala, ndinamuonetsa chidindo, n'kumuwerengera mzere uja mokweza. Ndinamuuza kuti nthabwala za chisuweni ndi za pa mowa, koma mawu olumbira pamaso pa woweruza ndi ena. Analira, ine n'kumupatsa mpango. Manyazi atamukulira anasamukira kwa azakhali ake ku Tsangano. Ine ndinapempha kusamutsidwa, ndinamutsatira, ndipo patatha zaka ziwiri tinakwatirana mwakachetechete. Ku Chidzolomondo anthu ankangomva kuti anakwatiwa ndi wa m'boma.

"Mkazi wanga, amake Mercy, dzina lake ndi Lídia," ndinatero.

Dotora anagwira pakamwa. "A Lídia a kwa a Agostinho? Ndiye chinali chibwenzi?"

"Ayi. Iye sadziwa kanthu. Mpaka lero amati ndine munthu amene ndinamuuza zoona pamene onse ankamunamiza."

"Nanga mayi anga?"

"Amayi anu sindinawaganizire n'komwe, Dotora. Anangopezeka panjira."

Ndinaona kuti mawu amenewa amupweteka kuposa nkhani ya mbuzi imene ankayembekeza. Anayenda mpaka pa zenera, anaima kundifulatira nthawi yaitali. Ine ndinatenga cholembera n'kusaina. Si kulimba mtima, ndinali nditangotopa.

"Setifikado simulandira," anatero osatembenuka. "Pepala ili ndikapereka Lolemba likubwerali. Likangolowa, a Lídia adzaitanidwa, chifukwa kope lija munawapatsa ndi inu. Muli ndi masiku anayi. Akamve kwa inu, asamve kwa mlonda wobweretsa samani."

7

Ndinafika ku Tsangano Lachisanu masana. Mercy anali ku sukulu. Lídia ndinamupeza kudimba, akukwirira mizere ya kachewere, ndipo atandiona anaimika khasu n'kumwetulira.

"Tioneni setifikadoyo, tiipachike pakhoma."

"Tiye kunyumba, Lídia."

Dzina lake ndinali ndisanalitchule zaka zambiri. Kumwetulira kunazima. Tinayenda, iye patsogolo. Pakhonde ndinakhala pa mpando, iye pa mphasa, ndipo ndinanena zonse, kuyambira benchi yakumbuyo mpaka siginecha yanga. Sanandidule mawu. Nditamaliza analowa m'nyumba. Ndinamva sutikesi ikukokedwa pansi pa bedi, ndipo ndinati basi, akulongedza. Koma anatuluka ndi kajumbo ka pulasitiki, momwe munali pepala lopindidwa kanayi, lofiirira m'mbali.

Sindinkadziwa kuti analisunga.

"Masiku amene mtima unkandivuta," anatero, "ndikalota a Agostinho, ndinkatulutsa pepala ili n'kugwira chidindochi. Ndinkati, Lídia, sunalakwe, boma linalemba. Werenganinso."

"Lídia, mawu ake ndi omwe aja."

"Werengani zimene ananena iwowo. Osati zanu."

Ndinanena. "Uyu ndi msuweni wanga, mwana wa atsibweni anga. Kwathu timangoti mkazi wanga, poti ndi chisuweni."

Anatseka maso. Misozi inatsika, koma mawu ake anatuluka owongoka.

"Anabwera katatu kwa achimwene. Katatu, abambo a Mercy. Ulendo wachitatu kunali mvula, anagwada m'matope pabwalo, munthu wamkulu. Sanadzikometse, sanatukwane munthu. Ankangoti, Lídia, ine Chipwitikizi sindidziwa, sindikudziwa chimene alemba. Pita ukafunse womasulira, iye anamva zonse, akakuuza zoona. Anakukhulupirirani inu kuposa m'bale wawo." Anapinda pepala lija bwinobwino. "Ndiye ine ndinapita. Ndinakafunsa womasulira."

Ndinagwada. Ndinati ndinachita chifukwa cha chikondi, ndinati tayang'ana zaka khumi ndi chimodzi zimene takhala, sindinakumenyepo, sindinagonepo kunja, tayang'ana Mercy.

"Imirirani," anatero. "Kugwada ndinakuona kale, kwa munthu wosalakwa, ndipo sindinamumvere. Inu ndikumvereni chifukwa chiyani?"

M'mawa mwake anakwera shapa ndi Mercy. Ndinamva pambuyo pake kuti atafika ku Chidzolomondo sanayambe kwa mchimwene wake. Anayamba kwa Dulce, amene zaka zonsezi ankamutcha mfiti, nagwada pakhomo pake. Kenako anapita kwa Agostinho. Iye ali ndi mkazi wina tsopano ndi ana atatu, tsitsi layera. Akuti anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, "Ndinakuuza, Lídia," basi n'kubwerera ku chigafa chake cha fodya.

8

Papita miyezi isanu ndi iwiri. Lídia akukhala kwa mchimwene wake. Foni yanga sayankha. Nkhani yanga inatuluka mu boletim, tsamba lachitatu, popanda chithunzi ulendo uno, ndipo ndamva kuti aphunzitsi akuigwiritsa ntchito pophunzitsa omasulira atsopano. Ine ndikulima kachewere m'dimba limene mkazi wanga anasiya. Ndimamusowa kwambiri, ndipo ndikudziwa kuti ndilibe ufulu womusowa.

Owerenga anzanga, musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a mu tiribunali okha. Ambiri a inu ndinu omasulira osadziwa. Mumawerengera amayi anu kalata ya ku chipatala, mumauza agogo zimene wanena wa ku ofesi ya malo, mumatanthauzira mnansi uthenga wa pa foni. Munthu amene wakupatsani pepala kuti mumuwerengere wakupatsani maso ake. Ine sindinapeke bodza lalikulu. Mawu onse amene ndinanena tsiku lija Agostinho anawanenadi. Ndinangosiya ena, ndipo osiyidwawo anadya munda wa mayi wamasiye, banja la munthu wosalakwa, ndi zaka khumi ndi zitatu za mkazi amene ndimati ndimamukonda.

Mlandu wa munda wa Dulce aukumbanso mwezi wa mawa, ndipo ndaitanidwa ngati mboni. Mlamu wanga wanditumizira uthenga woti Lídia adzabwera, adzakhala kumbuyo. Kalaliki anandifunsa ngati ndidzalankhule Chipwitikizi kuti zinthu zifulumire, poti ndimachidziwa kuposa iye. Ndinakana. Ndidzalankhula Chichewa, wina amasulire woweruza. Sindikudziwa ngati Lídia adzandiyang'ane n'komwe, koma ulendo uno adzamva yekha, popanda munthu woima pakati.